Pamene owerenga anasanduka olemba

Pa ofesi zambiri za boma, pa sukulu ngakhalenso pa chipatala pamakhala bolodi la zidziwitso. Mabolodi ena amakhala ndi galasi kutsogolo ndipo amakiyidwa ndi loko. Mutha kuima pamenepo n'kuwerenga mpaka miyendo kuwawa, koma ngati dzina lanu alilemba molakwika, kapena tsiku la msonkhano linasintha kalekale, palibe chimene mungachite. Kiyi amasunga munthu mmodzi, ndipo mwina munthuyo ali kutchuthi.

Achinyamata ambiri amene muli m'makalabu masiku ano munaipeza intaneti ili kale m'foni, ndipo kwa inu kulemba ndemanga pansi pa chithunzi cha mnzanu n'chinthu wamba ngati kupereka moni panjira. Komatu sizinali choncho pachiyambi. M'zaka za m'ma 1990, masamba ambiri a pa intaneti anali ngati bolodi lokiyidwa lija. Makampani, mayunivesite, maboma ndi nyumba zofalitsa nkhani ndiwo ankalemba, ndipo anthu ena onse amene anali ndi mwayi wofika pa kompyuta ankangowerenga. Munthu wamba ankatha kutsegula tsamba lake, inde, koma ankayenera kuyamba waphunzira kalembedwe ka makompyuta kotchedwa HTML, chinthu chimene ambiri sankachitha. M'nkhani ino tiona momwe loko uja anachokera, zabwino zimene zinatsatira, komanso matope amene anabwera ndi mvulayo.

Woyambitsa sankafuna loko

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene anayambitsa masamba a pa intaneti sankafuna bolodi lokiyidwa. Tim Berners-Lee, katswiri wa ku Britain, ankagwira ntchito ku CERN, malo akuluakulu ochitirako kafukufuku wa sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Vuto limene ankaliona kumeneko n'loti akatswiri ankabwera, kugwira ntchito zaka ngati ziwiri, kenako n'kuchoka ndi zonse zimene ankadziwa. Mu 1989 analemba maganizo ake a njira yolumikizira zolemba za anthu osiyanasiyana, imene pambuyo pake inatchedwa World Wide Web. Pulogalamu yoyamba yoonera masamba, yomwe anaipanga mu 1990, inkalola munthu kuwerenga komanso kulemba. Pa 30 Epulo 1993 CERN inalengeza kuti aliyense atha kugwiritsa ntchito lusoli kwaulere. Koma mapulogalamu amene anafala kwambiri pambuyo pake, monga Mosaic ndi Netscape, anali owerengera makamaka, ndipo mbali yolemba ija inatsalira m'mbuyo.

Amene anaitolanso anali Ward Cunningham wa ku America. Mu 1995 iye anapanga tsamba loti mlendo aliyense atha kusintha zimene zalembedwapo, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Analitcha WikiWikiWeb, potengera mawu a chinenero cha ku Hawaii otanthauza kuchita zinthu mwachangu, amene anawamva koyamba pa dzina la basi ya pa bwalo la ndege la Honolulu. Kumeneko n'kumene kunachokera mawu oti wiki.

Buku limene aliyense angalembemo

Mu 2000, Jimmy Wales ndi Larry Sanger anayambitsa Nupedia, buku lalikulu la pa intaneti lofotokoza chilichonse, loti anthu aziwerenga kwaulere. Olemba ankayenera kukhala akatswiri ophunzira bwino, ndipo nkhani iliyonse inkadutsa m'magawo asanu ndi awiri oiunika isanaloledwe. Chaka chathunthu chitatha, nkhani zimene zinali zitavomerezedwa zinali zochepa kwambiri. Pa 15 Januwale 2001 anatsegula tsamba lina la wiki pambali, poganiza kuti lizingothandiza kusonkhanitsa zolemba zoyambirira. Tsamba lapambalilo ndi Wikipedia. M'chaka chake choyamba linafika pa nkhani pafupifupi 20,000, ndipo Nupedia inatsekedwa mu 2003.

Funso limene aliyense amafunsa akamva izi ndi ili: ngati aliyense atha kulemba, kodi wamisala kapena wanjiru sangalembe zabodza? Atha, ndipo amalemba tsiku ndi tsiku. Chimene chimateteza Wikipedia si loko ayi, koma zinthu zitatu zosavuta kumvetsa. Choyamba, tsamba lililonse limasunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa, amene wasintha ndi nthawi yake, moti munthu wina atha kubwezeretsa zakale m'kanthawi kochepa. Chachiwiri, kuseri kwa nkhani iliyonse kuli tsamba lokambirana, kumene olemba amatsutsana, nthawi zina kwa miyezi, pa chiganizo chimodzi. Chachitatu, wolemba amayenera kunena kumene watenga mfundo yake, kaya ndi buku, nyuzipepala kapena lipoti. Mfundo yopanda gwero aliyense ali ndi ufulu woichotsa.

Njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ngati pali maso ambiri oyang'ana. Umboni wake unaoneka mu 2005. M'mwezi wa Meyi chaka chimenecho, munthu wina analemba pa Wikipedia kuti John Seigenthaler, mtolankhani wachikulire wa ku America, ankaganiziridwa kuti anatengapo mbali pa kuphedwa kwa Pulezidenti John F. Kennedy ndi mng'ono wake Robert Kennedy. Linali bodza lamkunkhuniza. Bambowa anagwirapo ntchito ndi Robert Kennedy, ndipo anali mmodzi wa anthu amene ananyamula bokosi pa maliro ake. Bodzali linakhala pa tsambalo miyezi inayi. Chifukwa chiyani? Tsambalo silinkayenderedwa ndi anthu ambiri odziwa nkhaniyo, choncho panalibe woliona n'kulichotsa. Seigenthaler atadandaula mu nyuzipepala ya USA Today mu Novembala, Wikipedia ya Chingerezi inaletsa anthu osalembetsa dzina kuyambitsa nkhani zatsopano, ndipo inakhwimitsa malamulo olembera za anthu amene ali moyo.

Mu Disembala chaka chomwecho, magazini ya sayansi yotchedwa Nature inapereka nkhani 42 za sayansi kwa akatswiri kuti aziunike, kuchokera mu Wikipedia ndi mu Encyclopaedia Britannica, buku lakalekale lolembedwa ndi akatswiri olipidwa. Anapeza kuti nkhani imodzi ya Wikipedia inali ndi zolakwika pafupifupi zinayi, pamene ya Britannica inali ndi pafupifupi zitatu. A Britannica anatsutsa kwambiri momwe kafukufukuyu anachitikira, ndipo mkanganowo unatenga nthawi. Komabe kwa anthu ambiri zinali zitaonekeratu kuti gulu la anthu odzipereka, osalipidwa, likamakonzerana zolakwa, silitsalira kutali ndi akatswiri. Mu 2012 a Britannica analengeza kuti asiya kusindikiza mabuku awo a pepala.

Kusintha konseku kunapatsidwa dzina loti Web 2.0. Mawuwa anayamba kuwalemba ndi Darcy DiNucci mu 1999, koma anatchuka ndi msonkhano umene kampani ya Tim O'Reilly inakonza nawo ku San Francisco mu Okutobala 2004. Zaka zimenezo zinthu zinayenda mwaliwiro. Facebook inayamba mu Febuluwale 2004 ngati tsamba la ophunzira a ku Harvard, ndipo inatsegukira aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo mu Sepitembala 2006. Vidiyo yoyamba ya pa YouTube inaikidwa pa 23 Epulo 2005, ndipo ndi ya masekondi 19 okha: mnyamata ataima kutsogolo kwa njovu kumalo osungira nyama ku San Diego. Twitter, imene inasintha dzina kukhala X mu 2023, inayamba mu 2006. Kumapeto kwa 2006 magazini ya Time, imene chaka chilichonse imasankha munthu amene wagwedeza dziko, inaika chithunzi cha kompyuta yokhala ndi kalilole pachikuto, kutanthauza kuti munthu wa chakacho ndi wowerenga yemweyo.

Kuchoka ku Wimbe kukafika ku Arusha

Mwina mukuti zonsezi n'za azungu. Tiyeni tibwere kuno kwathu. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Pobwereka mabuku mu kalayibulale ka kwawoko, anaona chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo m'buku lotchedwa Using Energy, ndipo anapanga ake ndi mitengo ya bulugamu, njinga yakale ndi zitsulo zotola. Anali ndi zaka 14.

Makinawo anazungulira kwa zaka zingapo dziko osadziwa. Mu Novembala 2006 nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhani yake. Tonse tikudziwa kumene nyuzipepala ya dzulo imathera: amakulungira mandasi. Koma nthawi imeneyi nkhaniyo inagwera m'manja mwa anthu ogwira ntchito za makompyuta ku Lilongwe, ndipo mmodzi wa iwo anaiika pa blog yake, kutanthauza tsamba limene munthu amalembapo yekha zimene waona ndi kuganiza. Ena anaitenga n'kuilembanso pa masamba awo, mpaka inafika kwa Emeka Okafor, amene ankakonza nawo msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania. Mu Juni 2007 William anakayankhula kumeneko, ndipo n'komwe anagwiritsa ntchito intaneti koyamba. Vidiyo ya mawu akewo inaikidwa pa intaneti, anthu akufuna kwabwino anamuthandiza kubwerera kusukulu, anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Buku la mbiri yake linatuluka mu 2009, filimu mu 2019.

Tisanamizane, luso linali la William mwiniwake, ndipo mtolankhani amene anapita kumudziko anagwira ntchito yaikulu. Intaneti sinapange makina aja. Chimene inachita n'chakuti anthu wamba, amene sanali akonzi a nyuzipepala kapena eni wailesi, anatha kuipatsirana nkhaniyo dzanja ndi dzanja mpaka kudutsa malire a dziko.

Umboni wa anthu wamba

Patangopita miyezi yochepa chichitikire msonkhano wa ku Arusha uja, dziko loyandikana nalo la Kenya linalowa m'mavuto. Chisankho chinachitika pa 27 Disembala 2007, ndipo atalengeza kuti Mwai Kibaki wapambana Raila Odinga, ziwawa zinabuka. Anthu oposa 1,000 anaphedwa ndipo masauzande ambirimbiri anathawa m'nyumba zawo. Boma linaletsa wailesi ndi wailesi za kanema kuulutsa zinthu pomwe zikuchitika. Anthu sankadziwa msewu woti adutse, kapena ngati abale awo m'tauni ina ali bwino.

Mayi wina wodziwa zamalamulo, Ory Okolloh, anali ndi blog yotchedwa Kenyan Pundit. Owerenga ake anayamba kumutumizira zimene ankaona kumadera kwawo, mpaka mauthenga anamuchulukira. Iye anafunsa ngati pali wina wodziwa makompyuta amene angaike malipoti amenewa pa mapu. Erik Hersman, David Kobia ndi Juliana Rotich anali m'gulu la amene anayankha, ndipo m'masiku ochepa chabe, mu Januwale 2008, tsamba linali litakonzeka. Analitcha Ushahidi, mawu a Chiswahili otanthauza umboni. Munthu ankatumiza SMS kapena imelo kunena chimene waona ndi malo ake, ndipo lipotilo linkaoneka ngati kadontho pa mapu. Kadontho kamodzi kakhoza kukhala mphekesera. Koma anthu angapo osadziwana akanena chinthu chimodzimodzi cha malo amodzi, nkhaniyo imakhala ndi mphamvu. Okonza Ushahidi anapereka pulogalamuyo kwaulere kuti wina aliyense aigwiritse ntchito.

Chaka chomwecho cha 2008, ganizo lofanana nalo linayesedwa ku Namitete. Chipatala cha St Gabriel's chinali ndi anthu odzipereka oyendera odwala m'midzi, amene ankayenda wapansi kapena kupalasa njinga mtunda wautali kukangopereka lipoti. Wophunzira wina wa ku Stanford University, Josh Nesbit, anabwera ndi mafoni akale pafupifupi 100 ndi laputopu imodzi yokhala ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS. Odziperekawo anayamba kutumiza uthenga wodwala akafooka kapena akasiya kubwera kudzatenga mankhwala a TB kapena ma ARV. Izi zinali ma SMS chabe, osati masamba a pa intaneti, koma mzimu wake ndi womwewo: amene akudziwa zimene zikuchitika ndi amene ali pamalopo, ndiye mpatseni njira yoti anene.

Mitsinje iwiriyi inakumana ku Haiti. Pa 12 Januwale 2010 chivomezi chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince. Nesbit anali mmodzi wa anthu amene anathandiza kukhazikitsa nambala yaulere ya 4636, kumene anthu ovutika ankatumiza ma SMS. Mauthengawo anali m'Chikiliyo cha ku Haiti, chimene ambiri mwa obwera kudzathandiza sankachimva, choncho nzika za Haiti zokhala kunja zinadzipereka kuwamasulira usana ndi usiku. Ophunzira a ku Tufts University, kufupi ndi Boston, ankawaika pa mapu a Ushahidi. Vuto lina linali loti mzindawo unalibe mapu abwino. Apa ndi pamene anthu mazanamazana odzipereka a OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene aliyense atha kujambulapo, omwe anayambitsidwa ndi Steve Coast ku Britain mu 2004, anatenga zithunzi za m'mlengalenga n'kujambula misewu, nyumba zogwa ndi misasa ya othawa, aliyense ali kwawo. Si uthenga uliwonse umene unabweretsa thandizo, ndipo ounika pambuyo pake ananena zimenezo poyera. Koma mapu aja anagwiritsidwa ntchito ndi magulu opulumutsa anthu.

Mapu omwewa anafika kwathu. Mu 2014 gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team linagwira ntchito ndi anthu a kuno kujambula midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, madera amene madzi amasefukira kawirikawiri. Namondwe wa Idai atawomba mu Malichi 2019, odzipereka a m'mayiko ambiri anajambulanso madera okhudzidwa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi.

Walira mvula walira matope

Tsopano tifike pa mbali imene ena sakonda kuinena. Wikipedia ndi OpenStreetMap amaziyendetsa ndi mabungwe osafuna phindu. Koma mabwalo amene ambiri a ife timakhalapo tsiku lonse ali ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi amalonda. Mu 2006 Google inagula YouTube pa mtengo wa madola 1.65 biliyoni a ku America. Mu 2014 Facebook inalengeza kuti ikugula WhatsApp pa madola pafupifupi 19 biliyoni. Kodi ankagula chiyani kwenikweni, poti mavidiyo ndi mauthenga onse amalemba ndi anthu wamba osalipidwa? Ankagula anthuwo: nthawi yawo, maso awo ndi zonse zimene zimadziwika za iwo. Pa Facebook ndi YouTube ndalama zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo mukakhalitsapo ndi pamene eni ake amapindula. Ndiye makina awo amakonda kukuonetsani zimene zingakugwireni mtima, ndipo tonse tikudziwa kuti nkhani yokwiyitsa kapena yoopsa imathamanga kuposa yoona.

Zotsatira zake zinaoneka. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza mbiri za anthu a pa Facebook amene akanafika 87 miliyoni, ambiri mwa iwo asakudziwa, n'cholinga chozigwiritsa ntchito pa ndale. Chaka chomwecho Facebook inavomereza kuti sinachite zokwanira kuletsa mauthenga a chidani ku Myanmar, kumene anthu a mtundu wa Rohingya anaphedwa ndi kuthamangitsidwa. Mu Epulo 2018 zinadziwikanso kuti Grindr, pulogalamu ina ya pa foni yopezerapo zibwenzi, inkapereka kwa makampani ena awiri zimene anthu analemba zokhudza momwe magazi awo alili pa nkhani ya HIV. Anthuwo analemba poganiza kuti akuuza anzawo a pa pulogalamuyo basi. Ife a m'makalabu timadziwa kulemera kwa chinsinsi chotere, ndipo timadziwa kuti mwini wake yekha ndiye woyenera kusankha womuuza ndi nthawi yomuuzira.

Ku India, mphekesera za anthu oba ana zimene zinkayenda pa WhatsApp zinachititsa kuti anthu osalakwa aphedwe ndi magulu a anthu olusa mu 2017 ndi 2018. Pofuna kuchepetsa liwiro la mabodza, WhatsApp inayamba kuika chizindikiro pa uthenga wongopatsirana, ndipo mu Januwale 2019 inalamula kuti munthu asatumize uthenga umodzi kwa anthu kapena magulu oposa asanu pa nthawi imodzi.

Apa m'pamene ine ndimaona kusiyana kwakukulu pakati pa wiki ndi gulu la pa WhatsApp, ngakhale konse kuwiri aliyense amalemba. Pa wiki tsamba ndi limodzi, ndipo wina akakonza cholakwika, aliyense wobwera pambuyo amapeza chokonzedwacho. Pa WhatsApp uthenga ukatumizidwa umaswana. Mukazindikira kuti mankhwala aja amati amachiza matenda onse ndi abodza n'kupepesa m'gulu lanu, uthenga woyamba uja uli kale m'magulu ena makumi awiri amene simudzawafikira. Palibe mbiri yoonetsa amene anauyamba, palibe tsamba lokambirana, palibe wofunsa gwero. Bodza la Seigenthaler linakhala miyezi inayi koma linachotsedwa pamalo amodzi. La pa WhatsApp limabweranso chaka chamawa litangosintha dzina la dotolo. Choncho m'gulu lotere ntchito yofunsa kuti "mwazitenga kuti?" ilibe mwini wina koma inu amene mwalandira uthengawo. Funsani mwaulemu, ngakhale wotumizayo akhale malume anu. Dziwaninso kuti m'Malawi muli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kunyoza anthu kudzera pa foni kapena kompyuta.

Nanga Chichewa chili pati?

Wikipedia ya Chingerezi inadutsa nkhani 6 miliyoni mu Januwale 2020. Ya Chiswahili pofika 2024 inali ndi nkhani masauzande makumimakumi. Ya Chichewa ilipo, koma pofika 2024 inali ndi nkhani zongopitirira pang'ono 1,000, zambiri mwa izo zazifupi, pamene chinenerochi chimayankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo mukaona ikupotoza mawu musadabwe, chifukwa makina otere amaphunzira kuchokera ku zimene anthu analemba kale. Kumene kwalembedwa zochepa, amaphunziranso zochepa.

Zifukwa zake zina n'zodziwika ndipo si ulesi. Bandulo ndi yodula, magetsi amavuta, foni yabwino m'nyumba imakhala imodzi, ndipo kawirikawiri si mtsikana amene amaisunga. Wikipedia nayonso ili ndi vuto lake kwa ife: imafuna gwero lolembedwa, pamene zambiri zimene timadziwa za midzi yathu, magule athu ndi mbiri ya mafumu athu zili pakamwa pa agogo. Zimene agogo anakuuzani, ngakhale zikhale zoona chotani, sizilandiridwa mpaka wina atazisindikiza. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli limapondereza anthu onga ife, komabe ndi lomwe limatchinga mabodza, ndiye kulichotsa n'kovuta.

Ngakhale zili choncho, bandulo yomwe timathera poonera mavidiyo oseketsa ingathe kugwira ntchito ina. Kalabu imene ili ndi foni imodzi ndi anthu awiri odziwa Chingerezi itha kusankha nkhani imodzi ya pa Wikipedia, monga ya malungo, ya Nyanja ya Malawi kapena ya John Chilembwe, n'kuimasulira m'Chichewa chomveka, pamodzi ndi magwero ake. Zimenezi n'zololedwa ndipo sizilipitsa. Mmodzi azilemba, ena aziwerenga mokweza n'kumatsutsa pamene mawu sakumveka, monga momwe timachitira pokonza sewero. Musayambe ndi kulemba za inu eni kapena za kalabu yanu, chifukwa nkhani zodzitamanda zimachotsedwa msanga, ndipo musakhumudwe mlendo wa kutali akasintha chiganizo chanu. Pitani pa tsamba lokambirana mukamufunse chifukwa chake. Zithunzi zimene mwajambula nokha, za phiri, msika kapena mbewu, zimalandiridwa pa Wikimedia Commons, bola ngati muli nkhope ya munthu muyambe mwamupempha.

OpenStreetMap ndiyo yosavuta kwambiri kwa ife, chifukwa siifuna buku. Zimene mwaona ndi maso anu pamalopo ndiwo umboni wokwanira. Wodzipereka wa ku London atha kuona denga pa chithunzi cha m'mlengalenga n'kujambula kabokosi, koma sangadziwe ngati ndi tchalitchi, chigayo kapena sikelo ya ana. Sangadziwe kuti mlatho uja unakokoloka, kuti njira yachidule yopita kuchipatala imadutsa kuseri kwa manda, kapena kuti mjigo wa pasukulu unafa chaka chatha. Tsegulani mapuwo pa foni, fufuzani mudzi wanu, muone ngati ulipo. Mukaupeza, yang'anani ngati dzina lake alilemba momwe eni ake amalitchulira. Ngati alakwitsa, kulembetsa n'kwaulere ndipo kumangofuna adiresi ya imelo, kenako dinani pamene palembedwa kuti Edit.